Kodi kunama kuti upulumutse munthu n'kulakwa? Ndithandizeni pa mfundo ya Kant

Akuluakulu, makamaka inu amene munaphunzirako filosofi, ndithandizeni. Ndikukonzekera mayeso ndipo pali mfundo ya Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany, imene yandizunguza mutu.

Mu 1797 Kant anayankha Benjamin Constant, mlembi wa ku France, pa nkhani iyi: mnzako wabisala m'nyumba mwako, munthu wofuna kumupha wafika pakhomo n'kufunsa ngati alimo. Constant ankati wakuphayo alibe ufulu wouzidwa zoona. Kant anakanitsitsa. Kwa iye lamulo limene ukutsatira liyenera kukhala loti ungavomere kuti aliyense alitsatire, ndipo bodza likangololedwa, mawu a munthu sangadalirikenso. Anawonjezera kuti ukanama kuti mnzakoyo watuluka, pomwe iye anazembadi iwe osadziwa, wakuphayo n'kukumana naye panjira, imfayo ikukhudza iwenso.

Apa m'pamene ndikukanika kumeza. Tiyerekeze mayi wathawa mwamuna wake, wabisala kuseri kwa chitseko changa akunjenjemera, bamboyo ali pakhonde ndi chikwanje m'manja. Ndimuuze zoona? Ine ayi, ndinama basi. John Stuart Mill, amene amayeza chochita ndi zotsatira zake, akanandimvetsa, koma pamayeso akufuna nditeteze mbali ya Kant, osati kungomutsutsa.

Kodi Kant amalola kungokhala chete, kapena kuyankha kuti "sindikuuzani"? Nanga ngati kukhala cheteko kukuulula kale kuti mayiyo alimo, kukusiyana pati ndi kumupereka? Amene munalembapo funso lotere, munaliyamba bwanji?