Thandizeni a gulu, background ya webusaiti yasowa ndipo mabokosi akwerana

Membala wobisa dzina:
Admin chonde ndibiseni dzina, abale ena ali mu gulu lomweli. Ine ndimakhala ku Chiputula, za HTML ndi CSS (code yopangira mapeji a webusaiti ndi maonekedwe ake) ndinaphunzira ndekha pa YouTube usiku anthu akagona, palibe anandilipirirako sukulu ngakhale amalume anga ndalama ali nazo, ana awo onse ali pa pulaiveti. Ndiye amalume omwewo ali ndi ka lodge mseu wa ku Nkhata Bay, anandiitana amvekere mphwanga tipangire webusaiti alendo opita kunyanja azitiona. Ndinavomera osakambirana za malipiro poti ndi amalume, mpaka pano chomwe ndalandira ndi transipoti basi. Laputopu ndikubwereka kwa alamu anga, batire yake inafa kalekale magetsi akangothima zonse zapita. Kuwonjezera apo msuweni wanga wina amene anapita ku koleji waponya pa WhatsApp ya banja kuti webusaiti yanga ndi yachikale, chonsecho iyeyo sanapangepo olo ka peji kamodzi, ntchito kudya za makolo.

Vuto ndi ili. Background sikuoneka. Ndinaika chithunzi chabwino cha mapiri m'mawa nkhungu isanachoke koma pakungooneka poyera mbee. Komanso mabokosi atatu a zipinda amayenera kukhala mzere umodzi, lachitatu latsikira pansi ndipo utoto wobiriwira wa kumbuyo kwawo wasowa. Pa foni ndiye musakambe, tizilembo ngati nyerere. Amalume akufuna Loweruka zikhale zatheka chifukwa adiresi analembetsa kale pa chikwangwani. Nditani? Osandinyoza chonde mutu ukupweteka kale.

Mkulu wa ku Katoto:
FLOAT. Code yanu sindinaione koma ndadziwa kale. Mwatenga mavidiyo akalekale aja mwaika float: left, lamulo la CSS lokankhira chinthu kumanzere, pa mabokosi onse atatu eti? Mukatero mabokosiwo amachoka mu mzere wake wa peji, div yaikulu (bokosi lalikulu mu code) imene yawanyamula imaona ngati mulibe kanthu mkati, height yake imagwa kufika pa 0, ndiye utoto wobiriwirawo upakidwe pati? Sunasowe, palibe poupaka. Fufutani ma float onse, pa div yaikuluyo lembani display: flex ndi gap: 20px, pa mabokosi flex: 1. Nkhani yatha. Ndakhala ndikulalikira mu gulu muno koma anthu samva, float inapangidwira kuti mawu azizungulira chithunzi osati kumangira peji yonse.

Wa WordPress ku Luwinga:
Mukuvutikiranji amwene? Ikani WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, musankhe theme (maonekedwe opangidwa kale) ya ma lodge, tsiku limodzi zatheka. Ndipezeni ku inbox mtengo tikambirana, ndine wa pompano pa Luwinga.

Mkulu wa ku Katoto:
Wabwera wogulitsa uja. Munthu wafunsa za CSS iwe ukuti inbox. Theme yakoyo ikuyendera chani ngati si CSS yomweyo? Tsiku lomwe background idzasowe mu theme udzathawa foni za kasitomala ndikukudziwa.

Wa WordPress ku Luwinga:
Akulu ine ndikudya nazo, inu mukudya ma comment.

Mayi wa ku Zolozolo:
Ine ndangowerenga mpaka pa transipoti mtima wandiwawa. Ntchito ya achibale siyanitsa ndi ukapolo. Ine ndinapangira alamu anga webusaiti ya shopu yawo ya zovala za ku Taifa market, zithunzi kujambula ndekha, bandulo yanga, hosting (malo osungira webusaiti pa intaneti) ndinalipira ndekha ati tidzakubwezera mwezi ukatha. Chaka chitatha domain (adiresi ya webusaiti) itafa anandiimbira mokalipa kuti ndawaonongera bizinesi, mpaka lero kumaliro timangopatsana moni wapakamwa. Mwana iwe usakonze chilichonse asanakupatse theka.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Achimwene kapena achemwali kaya, mwatiuza za amalume, za msuweni, za batire, koma code ili kuti? Ndipo chofunika kwambiri simunanene, chithunzicho chikusowa mukatsegula pa laputopu pomwepo kapena mutakweza pa hosting? Mayankho ake ndi osiyana. Pakadali pano onani ichi, njira yomwe mumalemba mu url ya background-image imawerengedwa kuchokera pomwe pali fayilo ya CSS, osati pomwe pali index.html. Ngati style.css ili mu foda ya css ndipo chithunzi chili mu foda ya images, mulembe ../images/ kenako dzina la chithunzi, timadontho tiwirito tikutanthauza kutuluka foda imodzi. Ana anga kusukulu amagwa pomwepa chaka ndi chaka.

Mnyamata wa ku Chibavi:
Msuweniyo ndi amene wapanga zimenezi kkkkk, background yanyamuka usiku yapita kukasamba ku Nkhata Bay. Pitani nayo laputopu kwa abusa.

Bambo wa ku Mchengautuwa:
Ana amasiku ano ulemu unatha. Amalume ndi kholo, akudalira iwe kuti uwathandize iwe ukuwayanika pagulu la anthu masauzande kuti sanakulipirire sukulu. Anakubereka ndi iwowo? Mawa ukadzafuna ankhoswe udzapita kwa YouTube?

Mayi wa ku Zolozolo:
Bambo ulemu sugula bandulo. Mwina amalume ake ndinu.

Bambo wa ku Mchengautuwa:
Mayi inu za m'banja mwanu musatengere ana a eni.

Mkulu wa ku Katoto:
Tabwererani pa nkhani inu. Aphunzitsi ndi ulemu wonse za path zanuzo ndi zazing'ono, MATENDA ENIENI NDI FLOAT. Ndipo bokosi lachitatu latsika chifukwa chake ndi chomwecho.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Ayi akulu pamenepo mwaphonya pang'ono. Bokosi latsika chifukwa cha masamu. Akaika width: 33.33% pa lililonse kenako n'kuwonjezera padding (mpata wa mkati mwa bokosi) ndi border (mzere wa m'mbali mwake), browser imaphatikiza zonsezo pamwamba pa 33.33% ija, atatuwo amapitirira 100% ndiye lomaliza limasowa malo. Mankhwala ake ndi box-sizing: border-box, padding ndi border zimalowa mkati mwa width. Margin yokha, mpata wozungulira bokosi, ndiyo imakhalabe kunja. Ndipo ofuna kusunga ma float atha kungoika display: flow-root pa div yaikulu utoto ubwerera.

Mkulu wa ku Katoto:
Kusunga float kuti itani? Mukuphunzitsa ana kumata zigamba. Ndi flex mabokosi amadzichepetsa okha kuti akwane mzere umodzi palibe za masamu. Ichi n'chifukwa chake achinyamata athu akamaliza sukulu satha kupikisana ndi a ku Nairobi, silabasi yake ya nthawi ya Internet Explorer yomwe eni ake a Microsoft anaisiya mu 2022.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Silabasi sindinalembe ine bwana.

Mtsikana wa ku Masasa:
Za pa foni palibe wayankha. Mu head mwa HTML muike meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1". Popanda ka mzere kameneka foni imayesa peji ndi yotambalala pafupifupi 980px ndiye imaifinya yonse kuti ikwane pa sikirini, n'chifukwa chake zilembo zachepa. Mukatero muikenso media query kuti pa sikirini yaing'ono mabokosi azisanjikizana chotsika.

Mkulu wa ku Katoto:
Eya, flex-direction: column. Mwaona? FLEX.

Wina wa ku Katawa:
Ingoikani !important, yokakamiza lamulo la CSS kuposa ena, paliponse zimatheka, ine ndimatero.

Mkulu wa ku Katoto:
Admin mchotseni uyu mu gulu. Ndikunena zoona. !important singabweretse chithunzi chomwe browser sikuchipeza, ndipo ukaimwaza paliponse mawa ukafuna kusintha utoto umodzi udzalimbana ndi code yako yomwe mpaka kulira. Ndinalandirapo ntchito ya munthu wina wa maganizo ngati akowa, fayilo yonse !important mzere uliwonse, ndinangofufuta zonse kuyambanso, kasitomala ankaona ngati ndikumubera.

Wina wa ku Katawa:
Koma zimatheka.

Membala wobisa dzina:
Yewo nonse. Bambo a ku Mchengautuwa simukuwadziwa amalume anga, maliro a agogo anasonkha ndalama yochepa kuposa amayi anga omwe amagulitsa tomato, ndiye musandiphunzitse ulemu. Ndayesa flex ija mabokosi afola bwino ndipo zobiriwira zabwerera. Koma chithunzi cha mapiri sichikuonekabe. Code ndi yaitali sindingaiponye yonse komanso ndikuopa msuweni angaikope.

Mkulu wa ku Katoto:
NDINANENA. Amene mumatsutsa muli kuti? Wa inbox uja ali kuti?

Wa WordPress ku Luwinga:
Chithunzi chabwera? Kapena simunawerenge mpaka kumapeto?

Mkulu wa ku Katoto:
Chithunzi ndi nkhani ya height imeneyo. Div yopanda kanthu mkati ilibe msinkhu, ndipo height: 100% siigwira ngati kholo lake lilibe height. Aike min-height: 100vh, background-size: cover, background-repeat: no-repeat, background-position: center. Zikakanika pamenepo ndisiya kuyankha mu gulu muno.

Mnyamata wa ku Chibavi:
Ambuye imvani pemphero lathu zikanike kkkkk.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Sitikufuna code yonse, mizere isanu yokha pomwe pali background. Palibe angakope mizere isanu n'kulemera nayo. Onaninso ngati pansi pake simunalembe background: white kapena background: #fff pa chinthu chomwecho, chifukwa background yachidule ija imafufuta background-image yomwe munalemba pamwamba, mukafuna utoto wokha lembani background-color. Ndipo dinani F12 pa Chrome mupite pa Network, mutsegulenso peji, ngati dzina la chithunzi lafiira ndi 404 ndiye kuti browser yachifuna koma sinachipeze.

Mayi wa ku Zolozolo:
Chikadzaoneka muchichepetsenso, zithunzi za pa foni zimalemera ma MB angapo, ndi netiweki yathu ino mvula ikamagwa mlendo adzatseka peji mapiri asanatuluke. Koma ine mawu anga ndi omwe aja, theka kaye.

Membala wobisa dzina:
Aphunzitsi pa laputopu chimaoneka bwinobwino kuyambira kale, chimasowa ndikakweza pa hosting. Ndimayesa zimenezo n'zodziwikiratu. Amalume aimbanso kawiri sindinayankhe.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Eeh. Funso lomwe ndinafunsa m'mawa. Ndiye si height, si float. Mwina mu url munalemba njira ya pa laputopu yoyamba ndi C:/Users yomwe pa seva kulibe, mwina foda ya images simunaikweze, mwinanso ndi zilembo. Windows siisamala kuti chilembo ndi chachikulu kapena chaching'ono koma ma seva ambiri amayendera Linux, kumeneko Mapiri.JPG ndi mapiri.jpg ndi mafayilo awiri osiyana. Mukakonza dinani Ctrl ndi F5 kuti browser isakuonetseni CSS yakale yomwe inasunga.

Mkulu wa ku Katoto:
Za Linux ndimati ndinene ineyo, mwangonditsogolera kulemba. Komabe min-height ija aiike. Ndipo hosting yotchipa imene achinyamata mumathamangira ija ndi nkhani ina yomwe tidzakambe, ine zanga ndimakweza ndi Git osati kukoka mafayilo pa cPanel.

Wa WordPress ku Luwinga:
Munati musiya kuyankha akulu.

Mkulu wa ku Katoto:
Ndinati zikakanika. Wanena kuti wayesa?

Mphunzitsi wa kompyuta:
Mwini funso, lowani mu File Manager ya hosting mutilembere dzina la chithunzicho ndendende momwe lalembedwera kumeneko, ndi mzere wa url momwe ulili mu CSS. Ziwiri zokhazo.

Wina wa ku Chibanja:
Ndikutsatira, yanganso menyu ikubisala kuseri kwa chithunzi pa foni, a Katoto flex ingathandize?