Funso kwa okhala m'boti kugombe la kum'mawa kwa America: tingapitirize kuyenda m'nyengo ya namondwe?

Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndabwera ndi funso limene latisiyanitsa maganizo m'banja mwathu, ndipo ndikupempha makamaka amene anakhalapo m'boti, kapena amene amagwira ntchito m'madoko a kum'mawa kwa United States, kuti atiunikire.

Ine ndi mayi a kunyumba tilibe nyumba ya pamtunda. Timakhala m'boti loyendera matanga, lotalika mamita 11 ndi theka, la injini imodzi ya dizilo, ndipo pansi pake pamalowa m'madzi mita imodzi ndi theka. Panopa takocheza ku St. Augustine, kumpoto kwa Florida. Ine ndimagwira ntchito pa intaneti, choncho ndingathe kukhala paliponse pamene pali netiweki, koma mayiwa ndi namwino wa makontirakiti a masabata 13, ndipo kontirakiti yotsatira angaipeze ku Charleston kapena ku Baltimore.

Nyengo ya namondwe m'nyanja ya Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndipo imafika povuta kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka pakati pa Okutobala. Kampani yathu ya inshuwalansi yatilembera kuti pofika pa 1 Juni boti likhale kumpoto kwa malire a Florida ndi Georgia, kuti likadzaonongeka ndi namondwe wopatsidwa dzina ndalama imene tidzayambe talipira tokha idzakhala yokwera kuposa ya ngozi wamba, komanso kuti titumize dongosolo lolembedwa lonena malo amene boti lidzakhale ndi munthu amene adzalikonzekeretse. Apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa fomu ya dongosololi ikufuna dzina la malo amodzi, pomwe ife ndife anthu oyenda.

Maganizo anga anali oti tinyamuke pang'onopang'ono kudzera m'njira ya mkati ya Intracoastal Waterway, yotsata mitsinje ndi ngalande za m'mphepete mwa nyanja, tidutse Fernandina Beach, madambo a Georgia, Charleston ndi Beaufort ya ku North Carolina, mpaka ku Norfolk, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,250, kenako tikathere chilimwe tikuyendayenda m'mitsinje ya Chesapeake Bay. Namondwe akalengezedwa tizilowa m'kamtsinje kobisika n'kuponya anangula. Mayi akukana. Iwo akufuna kuti boti livuulidwe likhale pamtunda kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ife tichite lendi chipinda. Abale awo a ku Chilobwe, ku Blantyre, anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, ndipo kuchokera pamenepo nkhani yogona m'boti kunja kukuomba chimphepo safuna n'kuimva komwe. Sindikuwaweruza, koma lendi ya miyezi itatu pamwamba pa ndalama ya yadi yosungira maboti pamtunda ingatiphwanyire bajeti yonse imene inatipangitsa kusankha moyo umenewu.

Tsono ndikufunsa kuti kodi kupita kumpoto kumatetezadi, kapena ndi mzere chabe umene a inshuwalansi anajambula pa mapu? Kodi chenjezo limabwera nthawi yokwanira yoti boti loyenda makilomita 10 pa ola lithawe? Nanga ngati namondwe ndi wofooka, wa gulu loyamba mwa magulu asanu oyezera mphamvu ya namondwe, n'kulakwa kuti ine ndekha nditsale m'boti ndiziyang'anira zingwe, mayi atapita kumtunda?

Yankho lochokera ku New Bern, North Carolina

Achimwene, mzere wa inshuwalansi umachepetsa mwayi wokumana ndi namondwe wamkulu, koma suletsa namondwe kudutsa. Ife kuno tili kumpoto kwambiri kwa malire amene mwatchulawo, komabe namondwe Florence atafika ku Wrightsville Beach pa 14 Seputembala 2018, ali wa gulu loyamba lomwelo limene mukulitcha lofooka, mphepo inakankhira madzi m'mtsinje wa Neuse mpaka anakwera mamita pafupifupi 3, maboti ena n'kukapezeka m'misewu ndi m'mabwalo a nyumba za anthu. Ku Chesapeake kumene mukufunako, Isabel wa 2003 anadutsa chakumadzulo kwa nyanjayo, ndipo popeza namondwe wa kumpoto kwa dziko lapansi amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, mphepo yake inaomba kuchokera kumwera n'kuunjika madzi kumtunda kwa nyanja, kotero kuti Annapolis ndi Baltimore anasefukira. Magulu a namondwe aja amayeza mphepo yokha, kuyambira makilomita 119 pa ola, ndipo sanena kalikonse za kukwera kwa madzi, komwe n'kumene kumaononga maboti ambiri a m'madoko.

Pa nkhani yothawa, werengetserani bwino. A National Hurricane Center, oona za namondwe ku Miami, amatulutsa uthenga maola 6 alionse, ndipo chithunzi chawo cha njira ya namondwe, chija chimayamba chopyapyala n'kumka chikutambasuka, chimafika masiku 5. Chithunzicho chimangosonyeza kumene pakati pa namondwe pangadutse, osati kumene mphepo ithere, ndipo chinakonzedwa moti pakatipo pamatuluka kunja kwake pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu. Chenjezo loyamba limaperekedwa kutatsala maola 48 kuti mphepo yamphamvu ifike, lachiwiri kutatsala maola 36. M'njira ya mkati simuyenda usiku, choncho pa tsiku mumatha makilomita 70 kapena 80, mukudikira milatho yotsegula ndiponso madzi kuti akwere m'malo osaya a ku Georgia. Namondwe amayenda mtunda umenewo m'maola ochepa, ndipo akamakwera kumpoto amawonjezera liwiro. Kuwonjezera apo, milatho yotsegula imakhomedwa mphepo isanafike kuti magalimoto a anthu othawa adutse, ndiye mukhoza kutsekeredwa pakati pa milatho iwiri pamalo amene simunasankhe.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti ulendo wautaliwo muuyende tsopano, mufike Julayi asanathe. Mukafika, sankhani yadi imodzi, mulipiriretu kuti mukhale pa mndandanda wa maboti ovuulidwa namondwe akalengezedwa, ndipo dzina la yadi imeneyo ndi limene mulembe pa fomu. Mukatero yendani mmene mukufunira, koma musatalikire kuposa ulendo wa masiku awiri kuchokera pa yadiyo. Munthu wongofika kutatsala masiku atatu, wosadziwika, amapeza makina ovuulira ali ndi mzere wa makasitomala akale, ndipo palibe ndalama imene ingamudumphitse.

Yankho lochokera ku Fort Myers, Florida

Bambo, ine ndiyankha funso lanu lomaliza lokha, ndipo ndili kumbali ya mayi. Musatsale m'boti.

Vuto la mawu oti namondwe wofooka n'lakuti mumasankha zotsala mukuyang'ana namondwe wa lero, pomwe amene adzakupezeni ndi wa mkuja. Michael anapatsidwa dzina pa 7 Okutobala 2018, ndipo pa 10 Okutobala anafika ku Mexico Beach ali wa gulu lachisanu. Ian wa 2022 ambiri tinkamuyembekezera cha ku Tampa, chifukwa n'kumene mzere wa pakati pa chithunzi unkaloza masiku angapo m'mbuyo mwake, koma pa 28 Seputembala analowera ku Cayo Costa, ndipo ku Fort Myers Beach madzi anakwera kufika mamita 4 ndi theka. Maboti anasanjikizana pamwamba pa anzake m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo ena mwa anthu amene anatsala m'maboti awo sanapulumuke.

Mukuti muziyang'anira zingwe, koma mphepo ikadutsa makilomita 100 pa ola munthu saimirira pamwamba pa boti. Amakwawa, maso sangatsegule chifukwa mvula yosakanikirana ndi madzi amchere imabaya nkhope, ndipo chingwe chimene chakungika ndi kulemera kwa boti lonse simungachimasule kapena kuchisuntha ndi manja, mungoduka zala. Chimene chidzagunde boti lanu nthawi zambiri ndi boti la mnzanu limene nangula wake wazuka, ndipo limabwera mumdima. Opulumutsa anthu nawonso amaimitsa ntchito mphepo ikakula, kotero mukaitana pa wailesi adzakuyankhani kuti mudikire mpaka kutazizira.

Chinthu china chimene anthu okhala m'boti amaiwala ndi galimoto. Ambiri alibe, ndipo magalimoto obwereka ndi zipinda za m'mahotela a kumtunda zimatha msanga chenjezo likangotuluka. Konzeranitu lero amene adzakutengeni ndi kumene mudzagone. Mapasipoti, zikalata zokhalira m'dziko muno, satifiketi ya unamwino ya mayi, mapepala a boti ndi mankhwala zikhale m'chikwama chimodzi chosalowa madzi. Kumbukiraninso kuti mayi, pokhala namwino, akhoza kuitanidwa kuti agone ku chipatala masiku onse a namondwe, ndiye ntchito yonse yokonzekeretsa boti idzagwera inu nokha.

Yankho lochokera ku Deltaville, Virginia

Akulu, ine ndimagwira ntchito pa yadi ya maboti kuno, ndipo ndikugwirizana ndi achimwene a ku New Bern, koma ndiwonjezere kuti kuvuula boti sikutha nkhani. Sandy atagunda New Jersey pa 29 Okutobala 2012, bungwe la BoatUS linawerengera kuti maboti oposa 65,000 anaonongeka, ndipo ambiri mwa iwo anali pamtunda kale, atavuulidwa kukonzekera chisanu. Madzi anangowanyamula pa zochirikizira n'kuwataya kwina. Choncho pokasankha yadi, funsani kuti nthaka yake inakwera motani kuchokera pa madzi, ndiponso kuti madzi anafika pati nthawi ya Isabel, chifukwa anthu akale a pamalopo amadziwa ndipo adzakulozerani chizindikiro pakhoma. Funsaninso ngati amamanga boti ndi malamba ku zitsulo zokhomedwa m'nthaka, ngati amalumikiza zochirikizira ndi tcheni, ndi ngati amaika matabwa pansi pake, popeza nthaka ikanyowa zochirikizira zimatitimira, boti limodzi n'kugwetsa mzere wonse.

Kulikonse kumene boti lingakhale, livuleni zonse. Mphamvu ya mphepo imachuluka kanayi liwiro lake likawirikiza kawiri, choncho chilichonse chimene chingagwire mphepo chitsike: matanga onse, denga la nsalu, masola, kaboti kakang'ono ndi injini yake. Thanga la kutsogolo lokulunga lija anthu amalisiya poganiza kuti lamangika, koma mphepo imapeza kansonga, kulifunyulula, ndipo likayamba kukupiza limatha kuthyola mlongoti kapena kugwetsa boti pa zochirikizira. Ntchito imeneyi imadya tsiku lathunthu kwa anthu awiri, ndipo thanga silitsitsika mphepo ikayamba kale.

Mukalephera kuvuula, marina (malo okochezapo maboti) ya madoko oyandama ndi yabwino pokhapokha zipilala zake zili zazitali kuposa pamene madzi angafike, apo ayi doko lonse limavuuka pamwamba pa zipilala n'kupita ndi maboti ake. Pa doko losayandama zingwe zikhale ziwiriziwiri ndiponso zazitali, zomangidwa ku zipilala zakutali, kuti boti likwere ndi madzi. Chingwe cha nayiloni kawirikawiri sichiduka pakati, chimadyeka pamene chikukhulana ndi chitsulo cha m'mphepete mwa boti, ndipo chikamatamuka ndi kubwerera chimatentha mkati mpaka kusungunuka. Ife timachiveka zidutswa za nsalu yakunja ya payipi yakale ya ozimitsa moto, osati payipi ya pulasitiki, chifukwa nsalu imalola madzi kulowa n'kuziziritsa chingwe. Za kamtsinje kobisika sindikuzikana, pakuti ndaona maboti akupulumuka mmenemo, koma pamafunika matope ogwira bwino, anangula awiri kapena atatu aakulu, tcheni ndi chingwe chotalika kakhumi kuposa kuya kwa madzi mutawerengera ndi kukwera kwake, komanso njira yoti inu mutulukire kumtunda mukamaliza. Kamtsinje kameneko mukayesereko nangula kunja kuli bata, ndipo dziwani kuti anthu a m'deralo amakadziwanso.

Pa inshuwalansi, lembani dongosolo limene mungalikwanitsedi, chifukwa mukalemba kuti mudzavuula koma boti n'kuonongekera pa nangula, mwawapatsa poyambira kukana kulipira. Makampani ena amabweza theka la ndalama yovuulira ngati chenjezo linaperekedwa m'dera lanu, ndiye werengani pepala lanu muone. Mukamaliza kukonzekeretsa, jambulani zithunzi za zingwe ndi malamba onse, tsekani mavavu a pansi pa boti kupatula otulutsa madzi a mvula, ndipo mabatire a pampu muwasiye odzaza.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri nonse atatu. Tawerenga mayankhowa limodzi ndi mayi, ndipo tagwirizana kuti atenge kontirakiti ya ku Baltimore, tinyamuke mwezi uno, ndipo tipeze yadi ya ku Chesapeake imene ingatilembe pa mndandanda wake. Sitivuula boti miyezi itatu yonse, koma chenjezo likaloza kwathu lidzavuulidwa ndipo tonse tidzachoka. Za kutsala ndekha m'boti zatha.

Kwatsala zinthu ziwiri zimene ndikupemphabe thandizo. Akulu a ku Deltaville, kwanuko n'kutali ndi Baltimore kwa munthu wopita ku ntchito, ndiye kodi kumtunda kwa nyanjayo, cha ku Annapolis kapena kutsidya ku Rock Hall, kuli mayadi a nthaka yokwera amene amalandira mlendo wa nyengo imodzi pa mndandanda wotere, ndipo kodi amalola munthu kugona m'boti lili pamtunda namondwe atadutsa, podikira kuti alibwezere m'madzi? Chachiwiri, kuti tifupikitse ulendo ndikuganiza zotulukira kunja kwa nyanja kuchokera ku Charleston mpaka ku Beaufort ya ku North Carolina, usiku umodzi kapena uwiri, kenako n'kulowanso m'njira ya mkati kuti tipewe nsonga yoopsa ya Cape Hatteras. Amene munayendapo mmenemo mu Juni, kodi mabingu ndi mvula ya masana ya nyengo imeneyi zimalola anthu awiri okha kuyenda usiku, kapena tingopirira milatho ndi malo osaya?