Ndikufuna kukakhala kunyanja ndi boti langa koma mayi akunyumba kutentha kumawadwalitsa, tipite kuti?

A admin ndibiseni dzina chonde. Abale anga ndithandizeni nzeru. Ndine bambo wa ku Area 25 konkuno ku Lilongwe, chaka chamawa ndikupuma ntchito nde ka penshoni kanga ndikufuna ndikagule malo kunyanja ndimange kanyumba, ndigulenso boti la injini loti ndizinyamula alendo okaona zilumba, masiku ena ndizingopita kokawedza ndi mbedza basi. Vuto ndi loti mayi akunyumba ali ndi BP ndipo kutentha sagwirizana nako olo pang'ono, October wa konkuno yemweyu amagona pasimenti atafunda chitenje chonyowa, nde ndikaganiza za ku Salima mutu umandizungulira. Kodi kulipo kunyanja komwe nyengo yake ndi yofatsa, komanso madzi ake abwino kuyendetsapo boti osati mafunde tsiku ndi tsiku? Ndamva za Senga Bay, Nkhotakota, Cape Maclear ndi Nkhata Bay koma aliyense amangotamanda kwawo. Amene mumakhala kumeneko kapena muli ndi maboti ndiuzeni zoona, zonyoza sungani kaye.

Nambewe wa ku Kawale:
Bambo musanamizidwe, kunyanja kosatentha kulibe. Lilongwe ili pamwamba, mamita opitirira 1,000, pomwe nyanjayo ili kunsi, mamita 500 sakwana bwinobwino, nde mukangoyamba kutsetsereka pamsewu wa ku Salima uja mumamva nokha mpweya ukusintha mgalimoto momwemo. Ngati mayiwo akuvutika ndi October wa ku 25 ndiye wa ku Salima kapena Mangochi mudzawanyamula kupita nawo kuchipatala. Ku Karonga musayerekeze nkomwe.

Mlovi wa ku Senga Bay:
Akulu ine ndakulira pamadzi, ndikuuzeni chomwe anthu a mtauni simudziwa. Miyezi yomwe kunyanja kumazizira bwino, kuyambira May mpaka August, ndi yomweyo yomwe kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera ija. Nde nthawi yomwe mayi azisangalala ndi nyengo, boti lanu likhala lili pamchenga. Mwera ukakwiya umatha masiku angapo osaleka, ife asodzi a khoka la chilimira timangokhala pansi pa mtengo kusoka maukonde, usipa nkukwera mtengo ku Lilongwe konko inu nkumadandaula kuti ogulitsa akuba. Ikafika October nyanja imagona bata, madzi oyera mpaka kuona mchenga pansi, koma dzuwa lake ndi lomwe mukuthawalo. Nthawi ya mvula kumabweranso mpoto, iyo ndiye yachinyengo, mumanyamuka mmawa kuli zii kenako masana thambo lada kale muli pakati.
Ubwino wa Senga Bay ndi kufupika, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Lilongwe, alendo a Loweruka ndi Lamulungu sasowa ndipo chilumba cha Namalenje chili pafupi pomwepa, ku zilumba za Maleri nakonso mumafika. Koma gombe lathu ndi lapoyera, mphepo ilibe choitchinga.

Che Mdala wa ku Mangochi:
Za mafundezo ndiye bwerani kwathu. Ku Cape Maclear mudzi wa Chembe unayang'ana chakumpoto, kumbuyo kuli mapiri, kutsogolo kuli zilumba za Thumbi ndi Domwe, nde mwera ukamasautsa anzathu a ku Salima ife timayenda ndithu. Monkey Bay nayonso ndi doko lobisika, si pachabe Ilala imagona kumeneko. Alendo ndi ambiri chifukwa cha paki ija ya Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo a UNESCO anaiika pamndandanda wawo mu 1984, anthu amachoka kutali kudzangoona mbuna, tinsomba tamitundu yowala tokhala mmiyala. Dziwani kuti pafupi ndi zilumba za mupaki saloleza kuwedza, mamita 100 kuchokera kumtunda ndi malo otetezedwa. Komanso anyamata a maboti alipo kale ambiri ndipo ali ndi dongosolo lawo lonyamulira alendo, simungangofika ndi boti lanu nkuyamba kuitanira. Kutentha kokha sindikunamizani, kuliko kwabasi. Likodzo nalonso liliko, mankhwala ake muzimwa.

Anaphiri:
Kkkkk bambo mukufuna nyengo ya ku Dedza koma ndi nyanja ya ku Mangochi? Khalani ku 25 konko, Loweruka muzipita ku Kamuzu Dam ku Malingunde mukaone timaboti ta matanga tija mtima ukhale pansi

Mwana wa Atonga:
Onse apawa akukuzunguzani, yankho lili kumpoto. Mangani nyumba ku Mzuzu, boti likakhale ku Nkhata Bay. Mzuzu ndi kozizira kuposa Lilongwe, October mumagona bwinobwino opanda fani, chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chili pompo mayi akafuna kuyezetsa BP, ndipo kutsikira ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50 pamsewu wa tala, ola limodzi mwafika. Mmawa mwatsika, mwayendetsa boti lanu, madzulo mwakwera kukagona kozizira. Ku Nkhata Bay kwenikweniko kumatenthanso koma kuli mitengo yambiri ndi mvula yochuluka, si kouma ngati ku Salima. Madzi ake ndi akuya kuyambira pafupi ndi miyala pomwepo, doko ndi lotchingika, ndipo ntchito ya boti siidalira azungu okha ayi, kuli midzi ngati Usisya ndi Ruarwe komwe anthu amadalira kwambiri pamadzi kunyamula katundu chifukwa misewu yake ndi yovuta. Kungoti ulendo wa kumeneko si wa munthu wophunzira kumene, mupeze woyendetsa wodziwa nyanja imeneyo.
Choipa chake ndi mtunda. Ana ndi adzukulu ngati ali ku Lilongwe muziwaona pa Khrisimasi, ndipo June ndi July wa ku Mzuzu kumachita kamvula kowaza ndi nkhungu, zovala siziuma.

Nambewe wa ku Kawale:
Apo nde mwanena zanzeru achimwene, koma nyumba kwina boti kwina ndiye alonda awiri, petulo wa galimoto kuwonjezera wa injini. Penshoni yake iti?

Mwana wa Atonga:
Boti amasiya kwa anthu odalirika chemwali, injini yokha ndi yomwe mumamasula nkukaitsekera mnyumba. Akuba amafuna injini, thabwa alibe nalo ntchito.

Wa ku Linga:
Nkhotakota palibe waitchula bwanji? Malo akadali otchipirako kuyerekeza ndi Senga Bay, ndipo tili ndi Chia Lagoon, madzi ofatsa oti olo mayi atha kukwera boti osagwira mtima, mbalame zambirimbiri. Nyanja yaikulu yokha kuno ndi yolusa nthawi ya mwera, Ilala imaima patali anthu nkumatsikira mmaboti ang'onoang'ono. Pafupi ndi mathiriro a mitsinje ngati Bua musamange, ng'ona ndi mvuu sizicheza. Udzudzu nawonso konzekani, neti chaka chonse.

Mayi a Tadala:
Ine langa ndi la malo. Mwaona mmene madzi anakwerera mu 2024, malo ogona alendo ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay madzi analowa mpaka mzipinda, mipanda kugwa, mitengo ya mgombe kuima mmadzi. Achimwene anga anagula puloti nthawi yomwe nyanja inali itaphwera, wogulitsa akuloza mchenga kuti onsewu ndi wanu, lero theka lake mukusambira ana. Mukapita kokaona malo musafunse wogulitsa, funsani agogo a mmudzimo kuti madzi anafikapo pati chaka chomwe anakwera kwambiri, akakulozerani mtengo kapena mwala, inu mukamange kumtunda kwa pamenepo. Ndipo kalata ya amfumu yokha musakhutire nayo, malo amodzi amagulitsidwa kwa anthu atatu kunyanjaku, pitani ku ofesi ya za malo kwa DC mukayambe za lease musanathire ngakhale thumba limodzi la simenti.

Mlovi wa ku Senga Bay:
Ndinaiwala, boti lonyamula anthu limafunika kulembetsa ku Marine, nthambi ya boma yoona za maboti ndi sitima zapamadzi, amaliyeza, ndipo ma life jacket akhale okwana aliyense. Mukafuna kupha nsomba zogulitsa ndiye laisensi ya a Fisheries. Injini gulani Yamaha, amakaniko a mgombe ndi yomwe amaidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka, yamphamvu ya 15 horsepower ikukwanirani poyambira ngati boti si lalikulu. Musagule boti la thabwa musanaligwetse mmadzi nkuona mmene likulowetsera madzi, utoto umabisa zambiri.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga limodzi ndi mayi. Za Salima ndi Mangochi akaniratu, akuti ndikapite ndekha kkkk. Ya Mzuzu ija yawagwira mtima ngakhale akudandaula za adzukulu. Tagwirizana kuti tisagule kanthu kaye, tikachite lendi ka nyumba kumeneko October akubwerayu tikaone ngati thupi lawo likuvomera, kenako tidzabwererenso July ndikaone mwerawo ndi maso anga. Mwana wa Atonga ndakutumizirani uthenga ku inbox, ndikufuna ndidziwe lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri cha ku Katoto kapena Chibavi ikuyenda bwanji pano, komanso ngati ku Nkhata Bay kuli amisiri okhoma maboti kapena mpaka ndikaitanitse ku Mangochi.