Kabuku ka gitala ka ana a ku Chileka: tiike mivi kapena ayi?

Mlembi (Ndirande): Moni nonse. Kabuku kophunzitsira ana a kumudzi gitala katsala pang'ono kupita kosindikiza ku Limbe. Tikukalemba pa MuseScore, pulogalamu ya pakompyuta yolembera nyimbo, poti ndi yaulere. Chatsala n'chimodzi: mwana adziwa bwanji kuti apa dzanja litsike, apa likwere? Pulogalamuyi ili ndi ⊓ potsitsa ndi V pokweza, zizindikiro zomwe oimba violin amagwiritsanso ntchito.

Mayi a Tadala: A Mlembi, mwana wa sitandade 5 akaona V aganiza kuti ikuloza pansi. Bwanji osangoika mivi?

Achimwene a ku Johannesburg: Mayi, mivi ndiye imasokoneza zedi. Pa tab, kalembedwe ka gitala komwe mzere uliwonse umaimira nsambo imodzi, mzere wapansi ndi nsambo yonenepa ija, ya nambala 6, koma mukanyamula gitala nsamboyo imakhala kumwamba. Ndiye dzanja likamatsika kuchoka pa yonenepa kupita pa yowonda, mabuku ambiri amajambula muvi woloza m'mwamba. Ena amautembenuza kuti utsate dzanja. Mwana wathu akadzatsegula buku lina adzayamba kumenya chobwerera.

Bambo Mbewe: Ana anga, oimba aja Daniel ndi Donald Kachamba anali a kwathu konkuno. Pamene Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, ankawajambula mu 1967, kodi ankayang'ana papepala? Kwela, mtundu wa nyimbo zomwe ankaimba, amalowera m'khutu. Magitala a kuholo ena nsambo zinaduka kalekale. Ndalama yosindikizira kabukuyi tigulire nsambo.

Mayi a Tadala: Zoona bambo, koma mphunzitsi amabwera Loweruka lokha. Masiku enawo mwana amatsala ndi pepala basi.

Achimwene a ku Johannesburg: Ndiponso pa kamenyedwe sitikufunika manotsi onse. A Mlembi, pitani pa Tools mu MuseScore, musankhe zodzaza timizere topendekeka tija, pamwamba pake muike ⊓ ndi V. M'masamba oyambirira mulembe mawu akuti "tsitsa" ndi "kweza" pansi pa chizindikiro chilichonse, kenako muwasiye mwana akazolowera.

Bambo Mbewe: Nanga pomwe dzanja limatsika osakhudza nsambo? Kukoma kwake kuli pamenepo.

Mlembi (Ndirande): Pamenepo chizindikiro tichitsekera m'mabulaketi, mphunzitsi akawaonetsa ndi dzanja. Nditumiza tsamba limodzi usiku uno, Mayi a Tadala muyese ndi ana awiri atatu. Za nsambo, a Msungichuma atiuze zomwe zatsala m'thumba tisanavote Lamulungu.