Ndabweranso ndi nkhani ya bambo anga ija

Mwezi watha ndinafunsa kuti bambo anga, amene maso anasiya kuona chifukwa cha shuga, angapeze kuti zowerenga, poti munthuyu anali mphunzitsi ndiye tsiku lopanda buku kwa iwo ndi chilango. Zikomo nonse amene munayankha.

Kulaibulale yakwathu kuno ndinapitako, anandilandira bwino koma za braille (zilembo za timadontho zomwe osaona amawerenga pokhudza ndi zala) kapena zomvetsera analibe olo imodzi. Ena munatchula Malawi Union of the Blind komanso ku Montfort ku Chiradzulu komwe amaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona. Braille tinayesa ndithu, timadontho 6 tija, koma shuga yomweyo inawachititsa dzanzi nsonga za zala moti amasisita pepala kwa nthawi yaitali osamva kanthu, tsiku limenelo anangoti chotsani mwanawe, ine misozi ili lengelenge.

Chatithandiza ndi foni. Ndinayatsa TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zalembedwa pa sikirini, pa foni yawo ya Android, pa laputopu ndinaika ina yotere yotchedwa NVDA yomwe ndi yaulere. Chizungu imawerenga bwinobwino koma Chichewa ayi ndithu, imachipotoza mpaka bambo amakwiya. Ndiye madzulo mwana wanga amawerenga mokweza ine nkumajambula mawu, mutu umodzi patsiku, iwo amamvetsera m'mawa ali pakhonde ndi tiyi wopanda shuga, akamva polakwika amamuitana kuti abwereze.

Ndamvanso za pangano la Marrakesh la 2013 lolola kusandutsa mabuku kukhala omvetsera kapena a braille kwa osaona. Alipo akudziwa laibulale yomwe ikubwereketsa mabuku a Chichewa omvetsera? Ndiuzeni chonde, olo kukhale kutali ndipita.