Chubu cha zigamba 6: ndizimatabe kapena ndigule china?

Akuluakulu, makamaka inu a kabaza ndi okonza njinga, ndigawireniko nzeru.

Ndili ndi njinga yakapalasa ya matayala a 28, yomwe ndimanyamulira matumba a mtedza kupita kumsika wa ku Mitundu. Chubu chakumbuyo pano chili ndi zigamba 6. Sabata yatha chinaphwanso ndili ndi katundu, ndinachita kuguza njinga mpaka kwa wokonza wina wapansi pa mtengo wa mango. Atachipopa n'kuchiviika m'beseni la madzi, thovu linkatuluka m'mphepete mwa chigamba chakale, osati bowo latsopano ayi. Anapalapala, kupaka guluu, n'kumata nthawi yomweyo osadikira kuti guluuyo aumeko. Patangotha masiku atatu, phwaa.

Mayi a kunyumba akuti ndalama zomwe ndataya pomatitsa zikanagula kale chubu chatsopano. Sakunama. Koma machubu ena amasiku ano ndi opyapyala ngati jumbo. Chomwe ndinagula chaka chatha chinang'ambika patsinde pa valavu mwezi usanathe, ndipo pamenepo sipamatika.

Ndiye inu mumataya chubu chikafika zigamba zingati? Nanga chigamba chodula ku chubu chakale chimagwira mofanana ndi zogula m'sitolo zija?

China chondidabwitsa, mabowo atatu ali mbali ya ku rimu, komwe minga singafike. Kodi ndi mitu ya masipoko ikuboola, kapena ndimapopa pang'ono poyerekeza ndi katundu? Ndikuopa kugula chatsopano n'kukachiboolanso pomwepo.