Ndikonzekere bwanji gawo la system design pa ntchito ya senior developer?

Ndikupempha uphungu kwa inu amene munadutsapo m'mafunso a ntchito ya senior software developer, makamaka amene munakhalapo kumbali yofunsa. Kampani ina yandidziwitsa kuti ndakhoza mayeso olemba code, ndipo tsopano kwatsala gawo la system design, pamene ndidzafunika kujambula pa bolodi m'mene ndingamangire pulogalamu yotumikira anthu ochuluka nthawi imodzi.

Luso langa lagona pa Java (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi PostgreSQL (pulogalamu yosungira deta), ndipo za indexing ndi caching (njira zothandiza kuti deta izipezeka msanga) ndimazigwira tsiku ndi tsiku, koma funso lokhudza CAP theorem likundidetsa nkhawa. Mfundoyi imati makompyuta osunga deta akalephera kulumikizana, munthu amayenera kusankha pakati pa kukana pempho la wogwiritsa ntchito ndi kumupatsa deta imene mwina ndi yakale. Kodi pamenepa ofunsa amayembekezera yankho limodzi, kapena amafuna kumva m'mene ndikuyezera ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse? Kodi ndi bwino kuyamba ndi kuwafunsa za kuchuluka kwa ogwiritsa ntchito ndisanajambule kanthu, ngakhale nthawi ili yochepa?

Ndingayamikenso mutandiuza nthawi yoyenera kutchula za malipiro, popeza mpaka pano sanaiyambe nkhaniyi.